TheyWorkForYou: webusaiti yaulere yoonera zomwe aphungu aku UK akufunsa boma, ndiyabwino koma ili ndi malire ake

Abale anga okhala kuno ku UK, makamaka inu a ntchito za care amene mumachoka shifiti ina kulowa ina ndipo nthawi yokhala pansi kuonera nkhani pa TV mulibe, pali webusaiti ina yomwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito ndiye ndati ndikuuzeniko mmene ndikuionera ine. Dzina lake ndi TheyWorkForYou. Ndi yaulere, palibe app yoti mudawunilode, imatseguka bwinobwino pa foni olo foniyo ikhale yakale. Inayamba mu 2004 ndipo amaiyendetsa ndi a mySociety, bungwe lomwe si la boma komanso si la chipani chilichonse. Chomwe amachita ndi kutenga zonse zoyankhulidwa ku nyumba ya malamulo, zija zimalembedwa mu Hansard, kuphatikizapo mafunso olembedwa omwe aphungu amatumiza kwa nduna ndi mayankho ake, nkuziyika poti munthu wamba ngati ine ndi inu titha kufufuza mosavuta. Commons, nyumba ya aphungu osankhidwa ndi anthu, ilimo, Lords, nyumba yachiwiri ya anthu osachita kuvoteredwa, ilimo, nyumba ya malamulo ya Scotland, ya Wales ndi ya Northern Ireland zilimonso.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta. Mukalowa mumalemba postcode yanu basi, imakuonetsani phungu wa dera lanu pa aphungu 650 aja, chithunzi chake, chipani chake, zomwe wayankhula posachedwa, mafunso omwe wafunsa, mmene wakhala akuvotera ndi ndalama kapena mphatso zomwe walembetsa kuti walandira kunja kwa malipiro ake. Koma chomwe ine ndimachikonda kwambiri ndi ma alert. Mumalemba mawu omwe mukufuna kutsatira ndi imelo yanu, ndiye nthawi iliyonse mawuwo akatchulidwa m'nyumba ya malamulo imelo imabwera, ili ndi kachidutswa ka zomwe zanenedwa ndi dzina la amene wanena. Ine ndinayika "fly-tipping", "waste crime", "damp and mould", "no recourse to public funds", "measles" komanso "Malawi". Mawuwa muziwalemba m'Chingerezi momwemo chifukwa webusaitiyi Chichewa siidziwa.

Ambiri tikamva za nyumba ya malamulo yakuno timangodziwa Lachitatu masana pomwe Prime Minister amafunsidwa mafunso kwa theka la ola, kukuwa mbali iyi kukuwa mbali iyo ngati masapota a Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Zijazo mumatolamo zochepa kwambiri. Nyama yeniyeni ili kwina. Ku Commons kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi pamakhala pafupifupi ola lathunthu la mafunso ndipo maunduna amasinthana masiku, lero a zachilengedwe, tsiku lina a zamaphunziro, lina a zaumoyo. Ku Lords amayamba tsiku ndi mafunso anayi, ndipo kumeneko kulibe kukuwizana kwenikweni, ambiri mwa iwo ndi anthu oti anagwirapo ntchito ngati madokotala, majaji, akuluakulu a polisi, aphunzitsi, ndiye funso lawo limakhala loti a nduna sangalizembe mophweka. Kenako pali mafunso olembedwa, awa ndi ochuluka zedi ndipo ndi omwe amatulutsa manambala. Pa TV simudzawaona awa. Pa webusaitiyi alipo onse.

Ndiyambe ndi za zinyalala chifukwa ndi zomwe zinandikokera kumeneku. Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi kuli kanjira, ndipo sipatha nthawi usanapeze matiresi, firiji yakufa, matumba akuda a zinyalala za omanga nyumba, nthawi zina mpaka sofa yathunthu, ana akudutsa pomwepo popita ku sukulu, makoswe ali yakaliyakali. Ndinkafuna kudziwa kuti kodi dziko lolemera chonchi likulephera bwanji kuthana ndi zimenezi. Nditalemba "fly-tipping" pa TheyWorkForYou zinatuluka zambiri zoti sungamalize, koma powerenga pang'onopang'ono nkhani yake inayamba kumveka.

Mu chaka cha 2023/24 makhonsolo a ku England analemba milandu yotaya zinyalala malo osayenera yokwana pafupifupi 1.15 miliyoni. Imeneyo ndi ya pa malo a boma okha, misewu ndi tinjira ngati kathu kaja, zotayidwa m'minda ya alimi sizili mmenemo, ndipo mlimi akadzuka nkupeza lole yatsitsa zinyalala m'munda mwake usiku, ndalama zochotsera amalipira yekha olo kuti sanalakwe chilichonse. Aphungu a madera akumidzi amaifunsa nkhani imeneyi mobwerezabwereza ndipo mukawerenga mumamva kuti zikuwawawadi. Ndalama zomwe chuma cha England chimataya chifukwa cha umbanda wa zinyalala akuti ndi pafupifupi mapaundi 1 biliyoni pa chaka.

Nanga nchifukwa chiyani anthu amachita kupanga magulu a umbanda pa zinyalala, zinthu zonunkha? Yankho lake ndi msonkho. Kuyambira 1996 kuno kuli msonkho wa zinyalala zopita kumtaya, cholinga chinali chabwino ndithu, kuti anthu azibwezeretsa zinthu m'malo mongokwirira, koma wakhala ukukwera mpaka mu April 2025 unafika mapaundi 126.15 pa tani imodzi. Ndiye tangowerengerani, munthu ali ndi lole, wapita ku kampani yomanga wawauza kuti ndikuchotserani zinyalala motchipa, walandira ndalama, m'malo mokalipira kumtaya wovomerezeka wakatsitsa m'nkhalango usiku, msonkho wonse uja walowa m'thumba mwake. Pa matani masauzande ndi ndalama zoopsa. Palinso chinyengo china chomwe ndinachidziwira pompa, zinyalala zosaola ngati dothi ndi miyala msonkho wake ndi wochepa kwambiri, mu April 2025 unali mapaundi 4.05 pa tani, ndiye ena amagaya zinyalala wamba nkuzilemba kuti ndi dothi.

Mukalemba "Hoad's Wood" mudzaona mmene zimathera. Iyi ndi nkhalango yotetezedwa pafupi ndi Ashford ku Kent, malole anakhala akutsitsamo zinyalala mu 2023 mpaka zinakwana pafupifupi matani 30,000, anthu a m'deralo akudandaula koma malole akungolowabe, ndipo ndalama zoyeretsera anaziyerekeza kuti zifika mapaundi 15 miliyoni, za msonkho wathu tonse, kuphatikizapo ife amene timadulidwa pa payslip mwezi ndi mwezi koma ma benefit sitiloledwa kulandira. Mu 2025 kunatulukiranso phiri lina la zinyalala ku Kidlington ku Oxfordshire, lotalika pafupifupi mamita 150, pakati pa msewu wa A34 ndi mtsinje wa Cherwell, malo oti madzi akasefukira zonse zikathera mu mtsinje. Phungu wa derali Calum Miller anaikweza nkhaniyi ku Commons mu November chaka chomwecho ndipo zomwe ananena ndi zomwe anayankhidwa zili pa webusaitiyi, mutha kuwerenga nokha osadalira kuti wina akufotokozereni pa WhatsApp.

Apa ndi pomwe ndimaiona mphamvu yeniyeni ya TheyWorkForYou. Nyuzipepala imakupatsani za lero basi. Webusaitiyi imakulolani kubwerera m'mbuyo zaka ndi zaka pa nkhani imodzi yomweyo nkuona zomwe boma linalonjeza ndi nthawi yomwe linalonjeza. Mwachitsanzo pali dongosolo loti zinyalala zonse zizitsatiridwa pa kompyuta kuchokera pomwe zanyamulidwa mpaka pomwe zatsitsidwa, kuti lole isamasowe pakati panjira. Lakhala likutchulidwa m'mayankho a nduna kuyambira nthawi ya boma la Conservative mpaka la Labour, ndipo tsiku loyambira lakhala likusunthidwa. Ukamawerenga yankho limodzi lokha umati eya zinthu zikuyenda, koma ukaika mayankho a zaka zingapo pamodzi umaona kuti mawu ake ndi omwewo, chasintha ndi dzina la nduna ndi deti. Zimandipweteka mtima chifukwa pakati pa malonjezo amenewo pali anthu akupuma fungo, koma bola kudziwa kusiyana nkumangokhulupirira. Chimodzimodzinso nkhani ya kalembera wa onyamula zinyalala, yemwe kulowamo kwake kunali kophweka moti mu 2021 mtolankhani wina anakwanitsa kulembetsa nsomba yake yakufa ngati wonyamula zinyalala wovomerezeka. Aphungu akhala akufunsa kuti kalemberayu akonzedwa liti, ndipo mu April 2025 boma linalengeza kuti likhwimitsa malamulo, ogwira ntchitoyi mozemba azitha kumangidwa mpaka zaka 5 ndipo magalimoto awo aziphwanyidwa. Kuti zichitikadi mpaka pati, alert ija ndi yomwe izindiuza.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe anaika pansi pa yankho lililonse lolembedwa, amakufunsa kuti kodi yankholi layankhadi funso, iwe nkudina Yes kapena No. Ndimakakonda kameneka. Chifukwa zoona zake mayankho ambiri sayankha. Phungu wafunsa kuti ndi anthu angati omwe amangidwa chaka chino m'dera lakuti, yankho likubwera loti boma limaiona nkhaniyi kukhala yofunika kwambiri ndipo likugwira ntchito ndi makhonsolo, nambala osaitchula, kapena akuti manambalawo sasungidwa ku likulu, kapena akuti kuwasonkhanitsa kungadye ndalama zambiri. Kudina No sikusintha boma ayi, koma kumakuphunzitsa kuwerenga ndi maso awiri, kuyang'ana funso kaye kenako yankho, osatengeka ndi Chingerezi chokoma.

Tsopano ichi ndikupemphani mumve bwino chifukwa chikukhudza thumba lanu. Ife timasamuka kwambiri, lero Luton mawa Leicester, ndipo posamuka timafuna munthu wa vani wotchipa wa pa Facebook woti atichotsere bedi lakale ndi makatoni. Lamulo lakuno la Environmental Protection Act 1990 limati mwini zinyalala ali ndi udindo woonetsetsa kuti amene wamupatsa zinyalalazo ndi wolembetsedwa. Wa vani uja akakataya m'mbali mwa msewu ndipo a khonsolo nkupezamo envulopu ya dzina lanu, akubwera kwa inu, ndipo ku England chindapusa chake chitha kufika mapaundi 600, pomwe wogwidwa akutaya yekha ndi mpaka mapaundi 1,000 olo asanapite ku khoti. Ndalama zimenezo ndi fizi ya mwana kumudzi. Musanampatse katundu mufunseni nambala yake ya kalembera, muifufuze pa webusaiti ya Environment Agency, bungwe la boma loona zachilengedwe ku England, jambulani nambala ya vaniyo, ndipo ngati nkotheka lipirani kudzera ku banki osati kashi kuti pakhale umboni. Izi ndinazitola m'mayankho a nduna momwemo, amazibwereza nthawi zambiri.

Nkhani ya zinyalala ndi ya ana sizisiyana kwenikweni, ndipo izi zimaonekera bwino mukalemba "Walleys Quarry". Uwu ndi mtaya wa ku Silverdale pafupi ndi Newcastle-under-Lyme ku Staffordshire, womwe kwa zaka unkatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati mazira owola, anthu osagona, osatsegula mawindo, ana akutsokomola. Mu 2021 nkhani ya mwana wa zaka 5 wa vuto la kupuma wa m'deralo inafika mpaka ku High Court, khotilo linagamula kuti Environment Agency sikuchita zokwanira, ngakhale pambuyo pake khoti la apilo linagwetsa chigamulocho. Phungu wa nthawi imeneyo Aaron Bell wa Conservative anaifunsa nkhaniyi kambirimbiri, atalowa Adam Jogee wa Labour mu 2024 anaipitiriza, ndipo mu November 2024 mtayawo unalamulidwa kutsekedwa. Mukawerenga motsatana kuyambira koyamba mumaona kuti funso limodzi silisuntha kanthu, koma phungu wokakamira, wobwera ndi nkhani yomweyo chaka ndi chaka, anthu ake ali pambuyo pake, amafika nayo penapake. Zinatenga nthawi yaitali kwambiri, ana ena akulira mu fungo limenelo, izi sindingazibise.

Pa za ana, alert yomwe yandithandiza kwambiri ndi ya "damp and mould". Ambiri a ife tikukhala m'nyumba zakale zozizira, heating yadula ndiye timayatsa pang'ono, zovala tikuyanika m'nyumba momwemo, mawindo otseka, kenako makoma ayamba kuda m'makona ndi kuseri kwa wadiropu, mwana chifuwa chosatha. Mu December 2020 mwana wa zaka ziwiri dzina lake Awaab anamwalira ku Rochdale chifukwa cha nkhungu ya m'makoma yomweyi, makolo ake atadandaula kwa eni nyumba koma osamveredwa, ndipo makolowo anali obwera ngati ife tomwe. Kuchokera pa imfa imeneyo kunabadwa lamulo lomwe amalitcha Awaab's Law, linayamba kugwira ntchito pa 27 October 2025, limati eni nyumba za khonsolo ndi za ma housing association afufuze nkhungu ndi chinyezi choopsa pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo zadzidzidzi zoika moyo pachiswe pasanathe maola 24. Koma pomwe mtima wanga unali ndi apa, ambiri a ife sitili m'nyumba za khonsolo, tili kwa ma landlord wamba. Aphungu a Commons ndi a Lords anafunsa zomwezo, ndipo Renters' Rights Act ya 2025 inatsegula njira yoti lamuloli lidzafikenso ku nyumba za lendi wamba. Mawu oti "lidzafike" ndi omwe ndikuwayang'anira, ndipo imelo ikabwera ndimathamangira kuona ngati a nduna atchula deti.

Ina ndi ya "no recourse to public funds", mawu aja alembedwa pa viza za ambiri a ife, otiletsa kulandira ma benefit a boma. Anthu ambiri amaganiza kuti mawuwa akutanthauza kuti mwana wako sangathandizidwe chilichonse, ndiye amavutika mwakachetechete kuopa kuwononga mapepala. Powerenga mafunso ndi mayankho ndi pomwe zimamveka kuti pali zina zomwe sizili m'gulu limenelo. Gawo 17 la Children Act 1989 limapatsa khonsolo udindo wothandiza mwana wovutika olo makolo ake ali ndi chiletso chimenechi. Chakudya chaulere cha ku sukulu ku England chinatsegulidwa kwa mabanja oterewa mokhazikika mu April 2022, malinga ndalama zomwe banjalo limapeza zisapyole malire omwe anaika. Apa ndichenjeze, webusaitiyi si loya, yankho la nduna la zaka zitatu zapitazo litha kukhala loti lamulo linasintha kale, ndiye yang'anani deti nthawi zonse ndipo nkhani ya mapepala anu mukafunse kwa alangizi ovomerezeka. Koma kupita kwa mlangizi ukudziwa kale funso loyenera kufunsa nkosiyana ndi kupita uli mbuu.

Panalinso zokambirana zambiri za Children's Wellbeing and Schools Bill yomwe inalowa m'nyumba ya malamulo mu December 2024, muli nkhani ya kalembera wa ana omwe sapita ku sukulu, chakudya cham'mawa chaulere ku pulayimale ndi kuchepetsa zovala za yunifolomu zokhala ndi baji ya sukulu zomwe zimatidyera ndalama. Zokambirana za bilu zimakhala zazitali ndipo kunena zoona zimatopetsa kuwerenga pa foni, ine ndimangofufuzamo mawu omwe ndikufuna.

Za umoyo ndingonena mwachidule. Chikuku chinabwereranso kuno, mu January 2024 a UK Health Security Agency analengeza kuti zafika povuta makamaka ku West Midlands, chifukwa ana ambiri sanabayitse katemera wa MMR kawiri ndipo chiwerengero chatsika pansi pa 95 pa 100 aliwonse chomwe chimafunika kuti matendawa asafalikire. Ife tinakulira kwathu tikudziwa chomwe chikuku chimachita kwa mwana, sitikufunika kuuzidwa. Kulembetsa kwa GP ndi kwaulere, katemera wa ana ndi waulere, posayang'ana mapepala anu. Ngati mwana munabwera naye kuchokera kumudzi tengani kabuku kake ka sikelo mukawaonetse a nesi aone zomwe zatsala. Ma vape otaya aja analetsedwa kuyambira pa 1 June 2025, ndipo m'zokambirana zake munali zonse zitatu pamodzi, ana a sukulu omwe ayamba kusuta, mabatire omwe amayatsa moto m'malole a zinyalala, ndi mamiliyoni a ma vape otayidwa sabata iliyonse. Pomwe inkakambidwa Tobacco and Vapes Bill, yoti obadwa kuyambira pa 1 January 2009 asadzagulitsidwe fodya moyo wawo wonse, ndinkawerenga ndi mitima iwiri, ngati kholo ndikugwirizana nazo kwathunthu, koma ndikuganizanso za alimi a ku Kasungu ndi Dowa omwe fodya ndiye fizi ndi feteleza.

Alert ya "Malawi" sibwera kawirikawiri koma ikabwera ndimawerenga yonse. Nthawi ya kolera ndi ya namondwe Freddy mu March 2023 dziko lathu linatchulidwa, komanso pa nkhani yodula thandizo la kunja, lomwe linatsika kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma cha dziko mu 2021 ndipo mu February 2025 analengeza kuti lifika pa 0.3 pofika 2027. Aphungu a ku Scotland ndi omwe amatitchula kwambiri, ndipo ku Lords kuli Lord McConnell, uja anasainirana mgwirizano wa Scotland ndi Malawi ndi malemu Bingu wa Mutharika mu 2005.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndithu. Choyamba Chingerezi cha m'nyumba ya malamulo ndi cholemera, samayitanana maina, amati wolemekezeka wa dera lakuti, mnzanga wolemekezeka, nyumba inayo, ndiye poyamba umasokonezeka kuti akunena ndani. A webusaitiyi anayesetsa, dzina ndi chithunzi cha woyankhula zili pambali ndipo mawu ena ovuta ali ndi tanthauzo lake ukadina, koma kwa mayi amene Chingerezi chake ndi cha kuntchito basi ndi phiri ndithu, ndipo palibe chidule cha mawu osavuta pamwamba pa zokambirana zazitali. Ndikanakonda chikanakhalapo. Chinanso ukayika mawu otchuka kwambiri ngati "NHS" kapena "children" imelo yako idzadza tsiku lililonse mpaka udzasiya kutsegula, bola kusankha mawu enieni a vuto lako ndi kuwaika m'ma quotation kuti ifufuze mawuwo pamodzi.

Chachikulu chomwe chikusowa ndi ma select committee, makomiti aja amaitana akuluakulu a mabungwe ndi nduna nkuwapanikiza maola awiri. Umboni wa kumeneko pa TheyWorkForYou mulibe. Ndipo pa nkhani ya zinyalala kumeneko ndi komwe kunatuluka zolemera, komiti ya Lords ya zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, wapampando wake panthawiyo Baroness Sheehan, inafufuza umbanda wa zinyalala ndipo mu October 2025 inalembera boma kuti nkhaniyi yakhala ikunyozeredwa ndipo pakufunika kuunika kodziyimira pakokha. Kuti muone zimenezo muyenera kupita pa webusaiti ya nyumba ya malamulo yeniyeniyo, ndipo ngati mukufuna kuona nkhope ndi kumva mawu, parliamentlive.tv ili ndi mavidiyo aulere, amoyo ndi akale omwe. Komanso zokambirana za lero pa TheyWorkForYou zimaoneka mawa lake, ndiye ngati muli pachangu Hansard ya boma imafulumira.

Za mavoti a phungu muziwerenga mosamala. Aphungu ambiri amavota mmene chipani chawauzira, ndiye kuona kuti anavota motsutsa chinthu china sikukuuzani zonse za mtima wake. Ine ndimakhulupirira kwambiri mafunso omwe munthu wasankha yekha kufunsa kuposa mavoti.

Komanso dziwani kuti matiresi a m'kanjira kanu si nkhani ya ku Westminster kwenikweni, ndi ya khonsolo, ndipo misonkhano ya makhonsolo pa webusaitiyi mulibe. A mySociety omwewo ali ndi ina yotchedwa FixMyStreet, mumajambula zinyalalazo, kuloza pa mapu, lipoti limapita ku khonsolo yoyenera ndipo aliyense amatha kuona kuti zinanenedwa liti. Milu ikuluikulu ya malole ndiye ndi ya Environment Agency ngati muli ku England, ku Scotland ndi SEPA, ku Wales ndi Natural Resources Wales, ndipo zaumoyo, zamaphunziro ndi zanyumba nazonso malamulo ake amasiyana m'maiko anayiwa, ndiye a ku Glasgow ndi Edinburgh musatenge manambala a England ndawatchulawa ngati anu, fufuzani mbali ya nyumba ya malamulo ya Scotland pa webusaiti yomweyo.

Pa nyenyezi zisanu ine ndikuipatsa zinayi, imodziyo ndachotsa chifukwa cha makomiti ndi kusowa kwa chidule chosavuta.

Chomwe chimandidandaulitsa nchoti anzathu ambiri amaona ngati nyumba ya malamulo yakuno ndi ya eni dziko, ife ndi ongodutsa. Malawi ili mu Commonwealth, Zambia ndi Mozambique chimodzimodzi, ndipo nzika ya Commonwealth yomwe ili ndi chilolezo chokhala kuno, olo chikhale viza ya ntchito kapena ya sukulu, ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota, masankho a khonsolo ndi a aphungu omwe. Abale athu a pasipoti ya Zimbabwe ndi bwino afunse ku ofesi ya zisankho ya khonsolo yawo chifukwa dziko lawo linatuluka mu Commonwealth mu 2003 ndipo nkhani yawo ili ndi kayendedwe kake. Koma olo usanalembetse kuvota, phungu wa dera lomwe ukukhala ndi wako, utha kumulembera. Pa tsamba la phungu pa TheyWorkForYou pali polumikizira ku WriteToThem, nayonso yaulere, imatumiza uthenga wako kwa phungu kapena kwa makhansala a dera lako. Lembani mwachidule, nkhani imodzi pa kalata imodzi, m'mawu anuanu osati okopera, tchulani msewu ndi zomwe mukufuna achite, kaya afunse nduna funso lolembedwa kaya alembere khonsolo. Ndipo musaiwale kuika adiresi yanu yonse ndi postcode, chifukwa aphungu akuno amangothandiza anthu a m'dera lawo ndipo kalata yopanda adiresi ofesi yawo imayamba yakufunsani komwe mukukhala isanachite china chilichonse.